Malo a Galimoto ya Lonnie

"Ponda moto timve!" anakuwa Curtis, mnzake wa Lonnie wa pagalaja, akupukuta girisi m'manja.

Lonnie anaponda. Galimoto yake yakale ya Pontiac inaliza mluzu wobaya m'makutu. Supachaja, makina opopera mpweya mu injini, inali itasuzumira pabowo lomwe anacheka paboneti. Anavutika nayo chilimwe chonse, kusintha lamba, kupotokola kabuleta, mpaka inamumvera.

"Koma iwe, nkhalamba yonseyi, liwiro limeneli ukupita nalo kuti?" anaseka Curtis.

"Kwa Darlene. Tili pachibwenzi ankandinena kuti galimoto yanga ndi yaulesi. Akaimva pano adumpha ngati mtsikana."

Darlene, mkazi wake, ankakhala kunyumba yosamalira okalamba. Nkhope ya mwamuna wake anaiiwala kalekale, koma kuguguda kwakale kwa injini ija ayi. Lamlungu lililonse akangoimva pachipata ankadzikoka mpaka pawindo, n'kukuwa kuti, "Lonnie wabwera!"

Lamlungu lotsatira Lonnie analowa pachipata akuiliza mwadala. Pawindo panalibe munthu.

Anakamupeza m'chipinda atagwira makutu ndi manja onse awiri.

"Ndine, Darlene. Waimva? Tiye tikazungulire."

"Abambo inu, chiphokosocho n'chanu?" anafunsa Darlene mwaulemu. "Pepani, kachotseni galimoto yanuyo. Pamene mwaimikapo pamaima mwamuna wanga."

Lonnie anakaisuntha, n'kuizimitsa kumapeto kwa mpanda. Ali chikhalire m'galimotomo, anamuona Darlene akukokera mpando pawindo. Anakhala pansi, nakonza tsitsi lake, n'kutchera khutu kumsewu.