Kabaza wa Khwangwala ndi Maso a Kadzidzi

Padangokhala, kale msewu wa ku boma usanalawe phula, Khwangwala ndi Kadzidzi ankapalasa njinga za kabaza. Mayi Nkhanga ankafuna wowatengera mazira kumsika kusanache, ndiye anapatsa aliyense dengu lake.

"Amene akafikitse osasweka, ntchito ndi yake."

Khwangwala ankadziwa kuti mumdima saona patali, koma ana ake anali atagona ndi njala kawiri. Anatsuka chifuwa chake mpaka kuyera mbee, n'kumangirira mabotolo a ziphaniphani kutsogolo ndi kumbuyo kwa njinga.

"Achimwene, mukupita kukwaya?" anaseka Kadzidzi. "Ine nyali n'njachiyani? Ndimaona ndi nyerere yomwe."

"Tikaonana kumsika," anayankha Khwangwala.

Kadzidzi analiyatsa liwiro n'kumezedwa ndi mdima. Khwangwala anapalasa mwakachetechete, thukuta kamukamu, osapumira ngakhale pachitunda. Atafika pamlatho anapeza lole ya Chipembere, uja wa maso ofooka, itaima. Kadzidzi anali m'ngalande, mazira ali phwaa kumutu.

"Simunandione?" ankalira Kadzidzi.

"Inu munandiona?" anafunsa Chipembere.

"Kuchokera kutali. Ndimati mukhota."

"Ndikhotere chiyani, mdima? Onani mnzanuyu, ndamuona akadali pachitunda."

Chipembere anabweza lole, Khwangwala n'kudutsa. Tambala akulira, mazira onse a Khwangwala anali pamsika, ndipo ntchito inakhala yake.

Mpaka lero Kadzidzi amakhala m'mbali mwa msewu, maso ali tong'o, kudabwa kuti sanaonedwe bwanji.

Yanga yathera pamlathopo. Kaphuleni mbatata zisanapserere.