Mpweya wa Anthu Awiri

Chipale chofewa choyamba cha nyengo yachisanu chinali chitayamba kugwa padenga la shedi pamene a Tsuneo anagwada pambali pa njinga yamoto, pampu ili m'manja. Thanki anali ataidzaza kale mafuta kuti isachite dzimbiri, tcheni atachipaka oyilo.

Mwana wawo Sayuri anaima pakhomo, manja atabisa m'khwapa.

"Bambo, wogula uja akubwera Loweruka. Mukudzivutitsiranji? Paja munavomera kuti muigulitsa, maondo anuwo atha."

A Tsuneo anapopa tayala lakumbuyo, diso lili pa muvi wa pampu. Muvi unafika pa mzere wa wokwera mmodzi, iwo osaleka.

"Iii, mwapyolatu! Umenewo ndi mpweya wa anthu awiri. Magalasi mwawaiwalanso kubafa eti?"

"Ndikuona."

Mpando wakumbuyo unali udakali wolowa pakati, pamene ankakhala akazi awo, a Harue, amene anamwalira mu Julaye.

A Tsuneo anamasula batire la njingayo kuti lisafe ndi chisanu. Chaka chilichonse a Harue ndiwo ankalilandira pakhomopo n'kukalisunga kukhitchini pafupi ndi thumba la mpunga, uku akudandaula kuti likuwadetsera juzi. A Tsuneo anatembenuka n'kulipereka asanaganize. Anangoima choncho, manja ali m'malere.

Sayuri analiyang'ana kwa kanthawi, kenako analilandira n'kulikumbatira pajuzi lake loyera.

"Nanga wogulayo ndimuuze chiyani?"

A Tsuneo anafunditsa njingayo bulangete lakale, kuyambira kumpando wakumbuyo.

"Umuuze kuti yagona."