Buluku la a Gwedeza

Ndagi, inu owerenga! Chimalowa pakhomo popanda odi, sichidya, koma chimatuluka chitasenza. Mwagonja? Ndi chiloboti cha khoti, chija chimalanda katundu wa anthu oba ndalama za boma.

Lachiwiri chinatulukira kwa Nasibeko. Amuna ake, a Gwedeza, khoti linali litawapeza olakwa. Zaka ziwiri ankadya ndalama za boma zothandiza anthu osowa ntchito, kwinaku akuumba njerwa zogulitsa kudambo.

"Katundu wanu ndi uti?" chinafunsa.

Poona anthu atadzaza pabwalo, a Gwedeza anatukumula chifuwa. "Zonsezi! Mbuzi, malata, solayo. Ndine mwamuna ine!"

Chiloboti chinalunjika kukhola. Nasibeko anathamanga nakaima pakhomo pake, manja m'chiuno.

"Iwe chitini, ukhudze mbuzi yanga uone! Awa ndi akamwini, pano m'pamudzi pa amayi anga. Bambo a Sungeni, nenani zoona. Munabwera ndi chiyani pano?"

A Gwedeza anaweramitsa mutu. Kenako kunamveka timawu tokhala ngati ta udzudzu: "Buluku lomweli."

"Lalembedwa," chinatero chiloboti. "Vulani."

Anthu anagubuduzika ndi phwete, a Gwedeza akupempha akazi awo kuti awabwereke chitenje.