Mkazi Wachilendo Pachiliza cha Amayi

Panali munthu wina muno mu Lilongwe, dzina lake Frazer, wogwira ntchito ku Capital Hill, wodzimva koopsa. Nkhani yake ine imandiwiritsa magazi mpaka lero.

Mayi ake atamwalira, abale anagwirizana zomanga chiliza kumudzi ku Mitundu n'kuikapo nkhope ya malemuwo. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, chakale, chothimbirira, ndipo chinkasungidwa ndi Frazer.

Mlongo wake Cathy, yemwe amapanga makhadi aukwati ku Old Town, anamupempha.

"Achimwene, ndipatseni ndichisikane. Ndili ndi pulogalamu yaulere pa kompyuta, ndichikonza pang'onopang'ono osasintha nkhope."

"Yaulere?" Frazer anaseka. "Mayi anga ine pa zinthu zaulere? Iwe usandinyozetse."

"Bola ndichisikane chabe, tikhale nacho china."

"Ndati ayi!"

Mwano wake umenewo! Anatenga chithunzicho ulendo ku msika wa Tsoka, kwa mkulu wina wokonza zithunzi, wovala magalasi akuda, amene anangomumvera mbiri m'minibasi. Ngakhale dzina sanamufunse.

"Bwana, pulogalamu yanga ndi yogula, yochokera kunja," anatero mkuluyo. "Ndikangodina, amayi atuluka ngati ajambulidwa dzulo. Chakalechi siyani konkuno."

Madzulo chithunzi chinafika pa WhatsApp. Khungu see, loyera ngati la wodzola mafuta oyeretsa. Mphini za m'masaya kulibe. Mpata wa m'mano, womwe mudzi wonse unkawadziwira akamaseka, watsekedwa. Makinawo sanakonze nkhope ya amayi, anangopeka yawoyawo.

Mukuganiza kuti Frazer sanaone? Anaona! Koma zinamusangalatsa kuti mayi ake akuoneka ngati dona wa ku Area 12, anzake a ku ofesi akaone kuti sanabadwe kwa munthu wamba. Anakachidinditsa pa thailosi, amisiri n'kumata pachiliza, iye n'kuphimba ndi nsalu. Sanaonetse aliyense. Chithunzi chenicheni chija sanabwererenso kukatenga.

Tsiku lovundukula chiliza, anthu anadzaza kumanda. Nsalu itachotsedwa, azimayi amene ankaimba analekeza nyimbo pakati. 

Bambo ake a Frazer, nkhalamba yoyendera ndodo, anasendera pafupi. Anapukuta maso, anasisita thailosiyo ndi chala, kufunafuna mphini zija.

"Frazer, uyu ndi mkazi wa yani?"

"Ndi amayi, bambo. Angowakonza pang'ono."

"Kuwakonza? Anali owonongeka? Ine ndakalamba naye mkazi wanga, lero undigonekere mlendo pamutu pake? Chotsa! Ubweretse chithunzi changa."

Cathy analira chokuwa. "Achimwene, ndinakupemphani ine!"

M'mawa mwake Frazer anathamangira ku Tsoka. Pamalo paja anapeza mayi wogulitsa kaunjika. Mkulu wa magalasi palibe amene ankadziwa kumene analowera, foni yake yosapezeka.

Thailosi ija anaigumula ndi tchizulo. Pachilizapo panatsala dzenje, ndipo nkhalamba ija ikapita kumanda imakhala pansi n'kumayang'ana dzenjelo. Zidzukulu zikafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, palibe choti azionetse.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Chinthu sichikhala chachabe chifukwa n'chaulere, ndipo chithunzi chomwe muli nacho chimodzi musachisiye m'manja mwa munthu wosamudziwa musanachisikane. Musamachite manyazi ndi nkhope ya amene anakuberekani. Tumizani nkhaniyi ku gulu la banja lanu, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.