Wondisenza Ndowa Kumjigo

Ine ndi Esitere, woyandikana naye nyumba ku Katuli, tinatha zaka zitatu osalonjerana chifukwa mbuzi yanga inadya chinangwa chake.

Usiku wina mwana wanga Tawonga atadetsa zofunda, ndinathamangira kumjigo. Ndowa itadzaza, ndinasowa wondisenza.

"Gwirani uko, amake Tawonga," anatero Esitere kumbuyo kwanga. Iye analibe ndowa. Anandisenza, ine n'kuchoka osathokoza.

Podutsa pakhomo pake ndinamva kulira. Mchemwali wake anati uthenga wangofika kumene: Esitere wamwalira madzulo kuchipatala. Sindinkadziwa n'komwe kuti amadwala.

Ndinafika pakhonde panga ndowa ikadali pamutu. Mawu aja anamvekanso, pafupi ndi khutu langa.

"Weramani, ndikutuleni."