Kumchira Sitipita

Mlatho utakokoloka, ambulansi yanga sikanatha kutuluka ku Nsaru, ndiye anatitumizira helikopita kudzatenga mayi wapakati. Mdima unali utangogwa. Anamwino athu, a Nasibeko, anatola mapepala onse pabwalo la mpira n'kuuza aliyense kuti avule chipewa ndi duku.

"Tidikira woyendetsa atikodole," anatero. "Tidzera kutsogolo, chowerama. Kumchira sitipita, chozungulira chakumeneko sichioneka."

Helikopita itatera, mphepo yake inagoneka udzu wonse. Koma kumchira kunaima mayi wovala duku loyera, ndipo dukulo silinkagwedezeka. M'phokoso lonselo ndinamumva ngati ali pakhutu panga.

"A Gladson, tabwerani mundithandize."

Ndinaponya phazi. A Nasibeko anandigwira lamba, maso awo osachoka pa woyendetsa.

"Inenso ndamumva. Gwirani machira."

Tinadzera kutsogolo n'kulowetsa wodwala. Woyendetsa anandikokera pafupi.

"Anamwino anuwa muziwamvera. Mayi wa duku loyera uja anaitananso dalaivala wa ku Kasiya. Iye anapita kumchirako, sanabwereko."

Mawu aja anayambanso, tsopano akuti "Kettie", dzina limene ife sitinkalidziwa. Linali dzina lenileni la a Nasibeko. Sanacheuke.