Mphunzitsi Amene Anakana Nkhoswe Yake ku Boma

Panali mphunzitsi wina dzina lake Gideoni, masiku amene azungu anali atangomanga Boma ku Dowa. Akuti zinachitikadi. Anali mkamwini ku Nachisaka, kwawo kwa mkazi wake Rakele, ndipo anali ndi ana awiri. Sukulu ankaidziwa, koma kukayikira kunamulowa m'magazi. Ngakhale moni ankayamba waufufuza.

A mishoni atamusamutsira ku Malomo, anapempha chitengwa kuti apite ndi banja lake. Amalume a Rakele, a Mose, anangoti, "Tamva. Tumizani ankhoswe anu."

Nkhoswe yake anali akulu ake, a Yoswa. A Yoswa anapita kwa a Mose kamodzi, kawiri, yankho lawo kwa Gideoni lili lomwelo: "Dekha, zikuyenda." Kachitatu anabwerako akununkha mowa.

Gideoni anati basi, andigulitsa. "Mukumwera chipanda chimodzi ndi anthu ondimana ana anga? Ndikadzinenera ndekha ku Boma!"

"Mng'ono wanga, mlandu wa banja salankhula mwiniwake," anatero a Yoswa. "Ukapsa mtima, ukanena zosabwezeka."

Mawuwo anangowonjezera chikayiko chake. Anakasuma, ndipo tsiku la mlandu anaima yekha, kalata ya ukwati wa kutchalitchi ili m'manja. Analankhula bwino ndithu, akuthira Chingerezi apa ndi apo, mpaka womasulira anasowa ntchito.

Mzungu woweruza ananong'onezana ndi akuluakulu awiri odziwa mwambo, kenako anafunsa, "Nkhoswe yako ili kuti?"

"Ndilibe nkhoswe, bwana. Amene ndinali naye ndi kazitape wa anthu awa. Nkhoswe yanga ndi kalatayi."

A Mose anaimirira mwaulemu. "Bwana, ife tinavomera kale. Mowa umene anamwa a Yoswa unali wotsekera nkhani, kuti tikakolola anyamuke onse. Koma mwamva nokha. Mwana akadwala ku Malomoko, adzatiuza ndani? Awiriwa akayambana, tidzaitana ndani? Kalatayo idzayenda?"

Chigamulo chinali chachifupi: Rakele ndi ana akhale kwawo mpaka mwamunayo atabweretsa nkhoswe.

Gideoni anathamangira kwa akulu ake kukapepesa. A Yoswa sanamukalipire, anangoti, "Wanditcha kazitape pamaso pa mzungu. Ndikalowanso ndi nkhope iti pakhomo paja?" Abale ena onse anakananso, poopa kutukwanidwa chimodzimodzi.

Tsiku lonyamuka, Rakele anamusenzera mtolo mpaka pamphambano, mwana wamng'ono ali kumsana, wamkulu akulira pambuyo. Anatula mtolowo n'kunena, "Bambo, ine ndinali nditayamba kale kutsanzika anzanga." Anagwira mwana dzanja, n'kubwerera kumudzi.

Phunziro: Mlandu wa banja musamaunyamule nokha chifukwa choti mumatha kulankhula. Musanamutche mdani munthu amene akukuimirani, yambani mwamufunsa pamene nkhani yafika. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka uja amene akuti bwalo akathana nalo yekha.